Mluzu m'Nyimbo ya Njiwa

Nyimboyo inamupeza Sajeni ali pantchito, m'kachipinda ka alonda kuseri kwa golosale. Maso ake anali pa kanema wa makamera, akutsatira mayi wina amene ankangozungulira shelefu ya mafuta odzola chikwama chili yasa. Usajeni anausiya kalekale atapuma kupolisi, koma dzinalo linamukanirira, ndipo tsopano ankayang'anira alonda a m'sitolomo. Wailesi imene inkalira pamwamba pa makasitomala inalengeza kuti chimbale cha nyimbo zotchuka za malemu Njiwa chikhazikitsidwa Loweruka, ndipo muli nyimbo imodzi imene dziko silinaimvepo, yojambulidwa miyezi ingapo asanamwalire.

Njiwa anali mng'ono wake, onse awiri akazi a bere limodzi. Anthu anamupatsa dzinalo chifukwa cha mawu ake ofewa pa nyimbo zachikondi za chamba cha R&B, zimene zinkavinidwa mwakachetechete m'maukwati. Chaka chinali chitatha chimupezereni atagona pansi pa masitepe m'nyumba mwake, khosi litapindika. Apolisi anati anaterereka, pakuti anali atamwa mankhwala opha ululu. Foni yake sinapezeke, koma anati mwina wina mwa anthu amene anakhamukira pakhomopo anaisolola. Dokotala wopima thupi ananena kuti malemuyo sanatsirizike pomwepo, anakhala nthawi yaitali akupuma, ali yekha. Mawu amenewo ndi amene Sajeni ankagona nawo n'kudzuka nawo.

Piyano inayamba, kenako mawu aja.

"Usandisiye, sindinatsanzike..."

Mayi wa mafuta uja anaponya botolo m'chikwama n'kutuluka bwinobwino, Sajeni osamuona n'komwe. Pa "s" aliyense wa m'nyimbomo pankatuluka kamluzu kakang'ono, kamene munthu wongovina sangakamve. Iye ankakadziwa kamluzuko. Dzulo lake la imfa, ndi iye amene anaperekeza Njiwa kukazulitsa dzino lakutsogolo limene linasweka ataligunditsa pa maikolofoni. Pobwerera anaseka m'galimoto mpaka misozi, Njiwa akunena kuti mpaka amuike dzino loikirira aziyimba ngati ketulo. Tsiku limenelo Sajeni anagona komweko, ndipo anachoka m'mawa popita kuntchito, mng'ono wake asanayimbepo kanthu.

Choncho nyimboyo sinali ya miyezi ingapo. Inajambulidwa tsiku limene Njiwa anafa.

* * *

Sajeni anakapeza mlamu wake, mwamuna wa Njiwa, mu ofesi yake, pakati pa makatoni a zimbale ndi zithunzi zikuluzikulu za mkazi wake zoti akazimate m'misewu. Anali munthu wa gitala, wosalala pakamwa, wonunkhira perefyumu kuyambira pakhomo. Pamene Njiwa ankamwalira n'kuti banja lili pendapenda, bamboyo atasamuka m'nyumbamo. Sajeni anakhala chaka chonse akumukayikira, koma tsiku la ngoziyo mwamunayo ankayimba pa ukwati wa anthu ena kutali, ndipo makamera a alendo onse anamujambula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

"Alamu, mwatikumbuka lero," anatero akutambasula manja. "Khadi yanu ya Loweruka ili apa. Mpando wakutsogolo, pafupi ndi ine."

Sajeni sanakhale pansi. "Nyimbo yatsopanoyo munaitenga kuti?"

"Mwaimva? Inenso ndikaimva ndimalephera kudya. Inali m'zinthu zake zakale. Anaijambula kale, tisanayambe kusemphana kuja."

"Anaijambulira kuti?"

"Ku situdiyo, monga mwa masiku onse."

"Inu munalipo?"

Mlamuyo anakonza kolala ya malaya ake imene inali yokonzeka kale. "Alamu, kodi mpaka liti? Anzanu aja anandifunsa, anandifunsanso, mpaka anatopa okha. Ine ndikuyesetsa kuti dzina la mkazi wanga lisafe, inu mukubwera ndi nkhope ya kupolisi. Tiyeni timulire limodzi ngati anthu."

"Ndakufunsani ngati munalipo."

"Sindingakumbukire tsiku lililonse. Kafunseni Makutu, ndi amene amasunga zonse."

Sajeni anatenga khadi ija n'kuiika m'thumba. Ali pakhomo anacheuka, ndipo anaona kuti mlamu wake watola kale foni, chala chikuthamanga.

* * *

Situdiyo inali pamwamba pa shopu yogulitsa matayala, kachipinda kopanda zenera, makoma ake omatidwa masiponji. Makutu, wojambula nyimbo pamenepo, anali munthu wonenepa, wothamanga pakamwa, mahedifoni osachoka m'khosi. Oyimba ankati amamva ngakhale nyerere ikatsokomola.

"A Sajeni, bwana angondiimbira kumene, akuti ndikuuzeni kuti ndatanganidwa. Ndiye ndatanganidwa, monga mukuoneramu. Komanso ine ndili ndi shuga, zondifunsa mafunso ambiri thupi langa silifuna."

"Funso ndi limodzi. Mng'ono wanga anaima pa maikolofoni iyi n'kuyimba nyimbo ija?"

Makutu anayang'ana maikolofoniyo ngati iyankha yokha. "Mukufunsa ngati wapolisi kapena ngati mkulu wake?"

"Wapolisi akanakupatsa mpata woganiza."

Makutu anapukuta thukuta. "Sanaime apa. Ine ntchito yanga ndimaidziwa, mawu a apa samveka chonchija. Ija inajambulidwa pafoni, m'chipinda chochezera, mpaka firiji ikumveka kung'ung'udza kumbuyo. Bwana anabwera nayo pa kafulashi, ine n'kuitsuka, n'kuiveka piyano, ng'oma, zonse. Ndinavutika nayo, makamaka kamluzu kaja. Ndinayesa kukachotsa koma kankapita ndi mawu omwe, ndiye ndinangokasiya."

"Yosatsuka ili kuti?"

"Anandiuza kuti ndiifufute."

"Unaifufuta?"

"Ine sindifufuta kanthu. Ngakhale mkazi wanga amadandaula."

Anamupatsa mahedifoni n'kudina batani. Panalibe piyano, panalibe ng'oma. Panali Njiwa yekha, pafupi kwambiri, ngati wakhala pa mpando womwewo, akupuma pakati pa mizere. Sajeni anagwira m'mphepete mwa tebulo. Atafika pa kolasi, mawu ena analowa pansi pa mawu a Njiwa, a munthu wamkazi, akupolokozana naye mofatsa. Ndipo wina ankasunga kugunda kwa nyimboyo pomenya dzanja pa tebulo, zibangili zikulira ngwee, ngwee. Mawu omaliza a nyimboyo asanathe kutsika, zonse zinaduka mwadzidzidzi.

"Apo sindinadule ine," anatero Makutu. "Inabwera choncho. Amene anadulayo ankathamangira kubisa zimene zinali kutsogoloko, moti anadyako ndi nyimbo yomwe."

"Mawu achiwiriwo anakuuza kuti uwachotse ndani?"

"Mwiniwake. Anati tsiku limenelo anali ndi chimfine, ayimbanso bwinobwino muno. Ndipo anayimbadi."

Sajeni sanafunse dzina la mwiniwakeyo. Zibangilizo anakhala akuzimva m'khitchini mwake momwe kwa miyezi yambiri.

* * *

Mwini zibangilizo anthu ankamutcha Kamchira, chifukwa kumene kuli Njiwa iyenso amakhala ali komweko. Anakulira limodzi mumsewu umodzi, ndipo ndi iye amene ankayimba kumbuyo kwa Njiwa pa nyimbo iliyonse. Pamaliro analira mpaka kukomoka, anthu kuchita kumunyamula. Anauza apolisi kuti sabata yonseyo anali kwa mayi ake kutali, akuwadwazika, ndipo uthenga anaumvera pawailesi. Palibe amene anaganiza zofufuza mawu a munthu wolira chotero. Maliro atatha, Sajeni anamutengera kunyumba kwake poopa kuti angadzipweteke. Anamugoneka pabedi pake, kumuphikira, kumupesa tsitsi, kumutcha mng'ono wake wotsala.

Atatsika masitepe a situdiyo anaima pakati pa milu ya matayala n'kuimbira mayi ake a Kamchira. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za miyendo, za adzukulu.

"Miyendoyi ndiye basi, mwanangu, tangoisiya m'manja mwa Mulungu," anatero mayiwo. "Koma iwe ndiwe munthu. Mmene unamusungira mwana wanga uja, ine ndilibe nazo mawu."

"Ndi mng'ono wanga, amayi. Ndimangomumvera chisoni kuti uthenga unamupeza ali kutali, atakhala nanu sabata yonse."

"Sabata iti? Ameneyo kukhala kuno sabata? Akagona kawiri amati kulibe netiweki. Anafika tsiku lomwelo madzulo, ngakhale chikwama analibe. Ndinamufunsa kuti bwanji osanena kuti ukubwera, iye n'kungolowa kuchipinda, thupi lili njenjenje. Ndinayesa malungo. Kutacha ndi pamene tinamva pawailesi, ine n'kunena kuti taona, thupi lako linadziwiratu. Anthu okondana amatero."

"Amaterodi, amayi."

Atadula foni anakhala chiimire, osaona amakaniko amene ankamulambalala akugubuduza matayala. Chaka chonse chidani chake chinali ndi adiresi imodzi. Tsopano chinasamuka, ndipo kumene chinasamukirako chinapeza malo okonzakonza. Anaganiza zopita kunyumba kwa Kamchira nthawi yomweyo. Ankadziwa kuti geti lake silikhoma, ankadziwanso zimene manja ake angachite m'chipinda chotseka. Koma zimenezo zikanatha msanga, ndipo Kamchira akanakhalabe munthu wolilidwa. Sajeni ankafuna zoposa pamenepo.

Anakwera basi kupita kupolisi kumene ankagwira ntchito kale. Insipekitala wa pamenepo anali mayi amene iye anamuphunzitsa ntchito akali kamtsikana. Anamvetsera nyimbo yosatsukayo mpaka pomwe inadukira.

"Izi zikusonyeza kuti analipo ndipo ananama," anatero. "Sizikusonyeza kuti anamukankha. Loya aliyense atiseka, Sajeni."

"Ndikudziwa. Ubwere Loweruka, usavale yunifolomu. Ukangoima kuseri kwa chitseko."

"Ndipo inu manja anu akakhala kuti?"

"M'thumba."

* * *

Loweruka masana holo inadzaza mpaka anthu kuima m'makoma. Ambiri anavala malaya a nkhope ya Njiwa, ndipo masipika ankaliza nyimbo zake zakale, khamu likuyimba nawo. Kamchira ndi amene amayenera kutsegulira mwambowo ndi nyimbo yatsopano ija.

Sajeni anamupeza m'chipinda chovalira, atakhala pa galasi akupaka milomo. Anavala diresi lobiriwira la Njiwa, limene Sajeni mwiniwake anamupatsa pogawa zovala za malemu.

"Asisi, mwabwera," anatero Kamchira akudzuka kuti amukumbatire, zibangili zikulira. "Ndikuchita mantha. Mundipempherere ndisalire pakati pa nyimbo."

"Khala pansi, umalize kudzola."

Sajeni anasiya chitseko chosatsekeka bwino. Anakoka mpando, kuika foni yake pakati pa mabotolo a zodzoladzola, n'kudina. Mawu a Njiwa anadzaza kachipindako, opanda piyano. Kamchira anamwetulira kaye, koma atamva mawu ake omwe akulowa pa kolasi, dzanja logwira chopakira milomo linaima m'malere.

"Imeneyi ndi yakale, asisi. Tinkangoyeserera."

"Yakale bwanji?"

"Mwina miyezi iwiri asanatisiye. Sindikukumbuka bwino."

"Tamvera 's' wakeyo. Ukumva mluzuwo? Dzino analizula dzulo lake la imfa, ndinamuperekeza ndine. Iwe sunadziwe kuti likumveka, chifukwa unkangomvera mawu ako."

Kamchira anayang'ana pagalasi, kenako pansi.

"Ndayankhula ndi amayi ako," Sajeni anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Akupereka moni. Akuti unafika madzulo, wopanda chikwama."

"Amayi akalamba, amasokoneza masiku."

"Makutu sanakalambe. Ukadula chinthu pafoni sichipita kutali, chimangobisala. Makutu wabweza mbali yonse imene unadula ija. Ndaimva mpaka kumapeto. Ndangofuna ndimve pakamwa pako, ndione ngati utanamenso."

Linali bodza. Makutu analibe chilichonse choposa chimene anapatsidwa. Koma Sajeni anakhala zaka zambiri m'zipinda zofunsira anthu, ndipo ankadziwa kudikira. Anaika chala pamwamba pa foni ngati adinanso. Kunja khamu linayamba kuwomba m'manja, kuitana woyimba.

"Ndiye mwamva kuti anayamba ndi iyeyo," anatero Kamchira potsiriza, mawu atauma. "Anandiitana kuti tidzayeserere nyimbo. Titamaliza n'kundiuza kuti akudziwa za ine ndi amuna ake. Anati ndisadzapondenso pa siteji yake. Anakwera m'mwamba kukatenga zovala zanga zimene ndinkasiya kumeneko kuti andiponyere panja. Ndinamutsatira kuti timvane. Anandigwira tsitsi pamasitepe paja, ine ndinangochotsa dzanja lake."

"Unangochotsa."

"Ndinamukankha pang'ono. Sindinkafuna kuti agwe."

"Atagwa?"

Kamchira anaika chopakira milomo pa tebulo.

"Dokotala anati ankapuma. Iwe unatsika masitepe omwewo. Unamudumpha?"

"Ndinachita mantha, asisi."

"Mantha anakulola kupita pa tebulo kukatenga foni yake."

"Inali ikujambulabe. Zonse zinali mmenemo."

"Ndipo inali foni yokhayo m'nyumbamo. Anayankhula?"

Misozi inayamba kutsika, kuchotsa utoto wa m'maso. "Anati ndikuimbireni inuyo. Anangoti, 'Aimbire achemwali.'"

Nthawi imeneyo Sajeni anali kuntchito, ulendo wosakwana ndi ola lomwe, foni ili m'thumba. Manja ake anatuluka okha m'matumba. Anaona khosi la Kamchira, lopyapyala, mtsempha ukugunda pamwamba pa kolala ya diresi la mng'ono wake. Anapuma kamodzi, kawiri, n'kugwira maondo ake mwamphamvu mpaka zala kuchita dzanzi.

"Chimene sindikumvetsa n'chimodzi," anatero. "Unapulumuka. Palibe amene ankakuganizira, ine ndemwe ndinkakupukuta misozi. Bwanji sunaiponye m'madzi foniyo n'kuiwala? Unatulutsiranji nyimboyo?"

Kamchira anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yake inalibe chisoni chilichonse. "Chifukwa ndi yanga. Ndinaipeka ndine, mawu ndi kayimbidwe komwe. Theka la nyimbo zili m'chimbalemo ndinapeka ndine. Mwaonapo dzina langa penapake? Zaka zonsezi ndakhala ndikuima kumbuyo, kumene magetsi safika, anthu akukuwira iyeyo. Imeneyi yokha ndinati ndiyimbe ndili kutsogolo."

"Ndipo alamu anadziwa kumene inachokera?"

"Sanafunse. Ndinawauza kuti ananditumizira kale."

"Munthu wa nyimbo, amene anagona ndi mkazi wake zaka zonsezo, osamva kuti mawu asintha?"

Chitseko chinatseguka, Insipekitala n'kulowa, unyolo uli m'manja. Apo m'pamene Kamchira anazindikira. Anayang'ana foni ija pa tebulo.

"Mbali inayo mulibe," ananong'ona.

"Tsopano ndili nayo."

Unyolo utatsekeka pamwamba pa zibangili, Kamchira anagwada pansi. "Asisi, chonde. Kuli khomo lakumbuyo, kumene amalowetsera zida. Munditulutsire kumeneko. Anthu onsewa asandione chonchi. Ndakhala mwana wanu, ndadya m'mbale mwanu."

Insipekitala anayang'ana Sajeni. Galimoto ya polisi inalidi kumbuyo.

"Uza dalaivala azungulire kutsogolo," anatero Sajeni. Anamudzutsa Kamchira pomugwira mkono, n'kumukonza diresi paphewa. "Umafuna kuima kumene kuli magetsi. Tiye."

Anatulukira pa siteji penipeni. Khamu litaona diresi lobiriwiralo linakuwa ndi chimwemwe, mafoni onse m'mwamba. Kenako a kutsogolo anaona unyolo, ndipo phokosolo linayamba kuzima mzere ndi mzere mpaka kumbuyo. Woliza nyimbo anazimitsa masipika. Anatsika pa siteji n'kudutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono, Sajeni osalola kuti afulumire, Kamchira atazyolika, mafoni akumuwalira kumaso mbali zonse. Mayi wina anafunsa mokweza kuti walakwanji.

"Mufunseni kumene kuli foni ya Njiwa," anayankha Sajeni, ndipo mawuwo anayenda m'holomo kuchoka pakamwa kupita pakamwa.

Pakhomo anamupereka m'manja mwa Insipekitala, n'kuima mpaka chitseko cha galimoto chitatsekeka. Kenako anabwerera m'holo. Mlamu wake anali adakali pa mpando wakutsogolo, nkhope itatuwa, akusuzumira khomo la m'mbali. Atangoti adzuke, Sajeni anakhala pa mpando woyandikana nawo n'kuika dzanja pa bondo lake.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Galimoto ija ibweranso. Pakadali pano tandiuzani bwinobwino tsiku limene munayamba kuimva nyimbo ija, ndi zimene munaganiza mutaimva."